Ntchito, Ndalama ndi Chimwemwe: Kodi Ntchito Yabwino ndi Iti?

Achinyamata anzathu, chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'makomo ambiri mumamveka funso limodzi: "Tsopano uzitani?" Ena mwa ife timayankha msanga kuti tikufuna unamwino, uphunzitsi kapena usilikali. Ena timangowerama n'kunena kuti, "Ntchito iliyonse, bola ndalama." Palinso ena amene sitinafike n'komwe Fomu 4 chifukwa fizi inasowa, ndipo funsoli tinakumana nalo kale tili ndi zaka 15.

Funsoli si la munthu mmodzi. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Ana ambirimbiri amene anawerengedwa nthawi imeneyo lero ndi anyamata ndi atsikana ofuna chochita, pomwe ntchito zolembedwa za m'boma ndi m'makampani n'zochepa kwambiri. Amalawi ambiri amadya za kumunda, za geni, za ganyu ndi za ntchito zamanja.

Tsono poti mipata ndi yochepa chonchi, kodi n'kulakwa kufuna ntchito imene mtima ungakondwere nayo? Kodi ndalama ndiye chimwemwe? Nanga ndi ndalama ziti zimene tiyenera kuzikana ngakhale m'thumba mulibe kanthu? Tiyeni tikambirane mafunso amenewa mosabisa mawu.

Ndalama n'zofunika, tisanamizane

Anthu ena amakonda kunena kuti ndalama sizigula chimwemwe. Kawirikawiri onena mawuwa amakhala atadya kale. Munthu amene wagona ndi njala, amene alandilodi akumugogodera chitseko, kapena amene amayi ake akudwala koma alibe ndalama yokwerera galimoto kupita ku chipatala, amadziwa kuti kusowa ndalama kumalanda tulo.

Akatswiri nawonso afufuzapo nkhaniyi. M'chaka cha 2010, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Princeton ku America, a Daniel Kahneman ndi a Angus Deaton, anasanthula mayankho oposa 450,000 a anthu a m'dzikolo. Anapeza kuti ndalama zikamachuluka, chimwemwe cha tsiku ndi tsiku chimakweranso, koma chimaima munthu akamapeza madola pafupifupi 75,000 pachaka. Patapita zaka, katswiri wina, a Matthew Killingsworth, anachita kafukufuku wawo ndipo malire amenewa sanawapeze. M'malo mokangana, iwo ndi a Kahneman anakhalira pamodzi n'kuunikanso zonse, ndipo m'chaka cha 2023 anatulutsa zomwe anagwirizana. Anati kwa anthu ambiri chimwemwe chimapitirirabe kukwera ndalama zikamachuluka. Koma pali kagulu kena, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse, kamene kali ndi chisoni chachikulu. Kwa anthu amenewa ndalama zimathandiza kufika pena pake basi, ndipo kupitirira apo sizisinthanso kanthu.

Pali mfundo ina pa kafukufukuyu imene ikutikhudza kwambiri ife. Ndalama yomweyo siikoma mofanana kwa aliyense. Munthu wopeza K50,000 pamwezi akayamba kupeza K100,000, moyo wake umasintha zoonekeratu: ndiwo zimapezeka, sopo amagulidwa, ngongole ya pa golosale imabwezedwa. Koma munthu wopeza K2 miliyoni mukamuwonjezera K50,000 yomweyo, mwina sangazindikire n'komwe. Kuti naye amve kusintha kofanana, ndalama zake ziyenera kuwirikiza kawiri.

Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, kwa munthu wosauka ndalama zili ndi mphamvu yaikulu yochotsa nkhawa, choncho kufuna malipiro oyenera si dyera ayi. Musachite manyazi kufunsa kuti mudzalandira zingati. Chachiwiri, ndalama zimachotsa mavuto obwera chifukwa cha kusowa, koma sizichotsa chisoni cha imfa, kusungulumwa kapena kunyozedwa tsiku ndi tsiku pa ntchito. Zimenezo zili ndi mankhwala ena.

Tichenjerenso ndi mtima wodziyerekeza ndi anzathu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp timaona mnzathu wa ku Joni atavala nsapato zatsopano ataima pambali pa galimoto. Sationetsa chipinda chimene amagona anthu ambiri mothithikana, kapena mantha amene amakhala nawo akaona apolisi mapepala ake atatha. Tikamayeza moyo wathu ndi zithunzi za anzathu, ngakhale titapeza zingati sitidzakhutira.

Ntchito imatipatsa zoposa malipiro

Tiyerekeze kuti wina wakuuzani kuti azikupatsani ndalama sabata iliyonse popanda kugwira ntchito. Mnzanu akulandira ndalama zofanana ndi zanu koma iye akuzikhetsera thukuta. Kodi angakhale wokondwa kwambiri ndani? Ambiri tingayankhe kuti wolandira zaulereyo. Koma funsoli linayesedwapo, ndipo yankho lake ndi lodabwitsa.

M'chaka cha 2017, anthu ambirimbiri a mtundu wa Rohingya anathawa nkhanza m'dziko la Myanmar n'kukakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Bangladesh. Kumeneko saloledwa kulembedwa ntchito monga nzika za dzikolo, choncho ambiri amangokhala tsiku lonse. Akatswiri ena anasankha anthu 745 m'misasayi n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linapatsidwa ntchito yolipidwa kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linkalandira ndalama zofanana nazo koma osagwira ntchito. Gulu lachitatu linali longoyerekezera. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa m'chaka cha 2022, zinaonetsa kuti amene ankagwira ntchito anapepukidwa m'maganizo kuposa kwambiri amene ankangolandira ndalama. Atafunsidwa ngati angapitirize ntchitoyo kwa kanthawi popanda malipiro, anthu 66 pa 100 aliwonse anavomera.

Anthuwa anali osauka zedi, choncho sitinganene kuti ndalama analibe nazo ntchito. Koma ntchito inawapatsa zinthu zina zimene ndalama zaulere sizinawapatse. Ntchito imamupatsa munthu chifukwa chodzukira m'mawa. Imamukumanitsa ndi anthu. Imamupatsanso dzina m'mudzi, moti anthu amati "pitani kwa telala uja" kapena "itanani mtsikana wokonza mafoni uja."

Tonse tikudziwa mmene tsiku limatalikira ukamangokhala. Wnyamata wokhala pa shopu kuyambira m'mawa mpaka madzulo amayamba kudziona wopanda pake, ndipo m'malo oterowo ndi momwe kachasu, chamba ndi kubetcha zimapezera makasitomala. N'chifukwa chake timalimbikitsana kuti podikira ntchito ya kumtima kwathu tizikhala ndi chochita, kaya ndi dimba, ganyu, kuphunzira luso kapena kudzipereka pa ntchito za kalabu yathu.

Zinthu zitatu zimene zimakhutiritsa mtima pa ntchito

Ngati malipiro paokha sakwanira, nanga chimachititsa n'chiyani kuti munthu aikonde ntchito yake? Akatswiri awiri oona za maganizo a anthu, a Edward Deci ndi a Richard Ryan a pa yunivesite ya Rochester ku America, anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi. Iwo anatchula zinthu zitatu zimene munthu aliyense amazifuna mumtima mwake.

Choyamba ndi luso. Munthu amasangalala akamaona kuti akuidziwa ntchito yake ndiponso kuti lero akuchita bwino kuposa dzulo. Mmisiri akamadutsa pa nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo n'kuona kuti khoma silinang'ambike, mumtima mwake mumakoma ngakhale ndalama za ntchitoyo anadya kalekale.

Chachiwiri ndi ufulu wosankha. Palibe amene amakondwera kuyendetsedwa ngati ngolo. Munthu akapatsidwa mpata woganiza yekha mmene angagwirire ntchito yake, amaitenga kukhala yake. N'chifukwa chake anthu ena amasiya ntchito yolembedwa n'kuyamba geni yawoyawo ngakhale phindu lake lili lochepa poyamba.

Chachitatu ndi anthu. Timafuna kugwira ntchito pakati pa anthu amene amatilemekeza, ndiponso kudziwa kuti ntchito yathu ikuthandiza winawake.

Pa mfundo yachitatuyi pali chitsanzo chabwino. Akatswiri ena awiri, a Amy Wrzesniewski ndi a Jane Dutton, analemba m'chaka cha 2001 za anthu okolopa ndi kusesa pa chipatala china ku America. Onse anali pa ntchito yofanana. Ena ankangochita zimene analamulidwa, ndipo ankaiona ntchitoyo ngati yonyozeka. Koma ena ankacheza ndi odwala, kulondolera alendo osochera ndi kusankha nthawi yokolopa imene siisokoneza anamwino. Amenewa ankadziona kuti ali mbali ya gulu lochiritsa odwala, ndipo ankaikonda ntchito yawo. Tsache linali lomwelo, koma mitima inali yosiyana.

Izi zikutiuza kuti ntchito yokhutiritsa siitoledwa panjira ngati ndalama yogwa. Nthawi zambiri munthu amachita kuimanga. Achinyamata ena timadikira kuti tsiku lina tidzadzuka titadziwa ntchito imene tinabadwira. Koma funsani kalipentala aliyense. Adzakuuzani kuti miyezi yoyamba ankangopala matabwa, kunola zida ndi kusesa, manja ali matuza okhaokha. Chikondi cha ntchito chinabwera tsiku limene mpando wake woyamba unaima osagwedera. Kawirikawiri luso limatsogola, chikondi n'kumatsatira pambuyo.

Komabe tisamvane molakwika. Sitikunena kuti munthu azipirira nkhanza kapena malipiro achinyengo n'kumangosintha maganizo ake. Pali ntchito zina ndi ndalama zina zimene n'zoyenera kuzithawa.

Ndalama zina n'zodula

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu akasowa chochita kwa nthawi yaitali, chilichonse chooneka ngati mwayi amachithamangira, ndipo alipo anthu amene amadyera pa kusimidwa kwa anzawo.

Pali mabwana ena amene amauza mtsikana kuti ntchito ilipo koma ayambe wagona naye. Pali zidyamakanda zimene zimalonjeza mpamba wa geni, foni kapena lendi. M'madoko a m'mphepete mwa nyanja muli mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba, pomwe amayi ndi atsikana ochita geni ya usipa amakakamizika kugona ndi asodzi kuti awagulitse katundu nsomba zikasowa. Anyamata nawo sapulumuka. Ena amakodwa ndi amayi andalama, ena akalandira ndalama za ganyu kapena za fodya amakathera nazo ku malo omwera mowa, komwe kondomu imaiwalika.

Vuto la ubale woterewu ndi lakuti mwini ndalama ndiye amalamula. Wolandira thandizo amalephera kunena za kondomu kapena zokayezetsa magazi poopa kuti thandizo lisiya. Ndiponso mwamuna wamkulu amakhala kuti wayenda ndi anthu ambiri kuposa mnyamata wa msinkhu wathu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kafukufuku wa dziko lonse wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapezera kuti pakati pa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, atsikana omwe anali ndi kachilombo ka HIV anali ochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi anyamata.

Umboni wina unachokera kwathu konkuno, m'boma la Zomba. Kuyambira m'chaka cha 2008, atsikana ena osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 pamodzi ndi makolo awo ankapatsidwa kandalama kochepa mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri. Patatha miyezi 18, atsikana a pasukulu anayezedwa magazi. Mwa amene ankalandira ndalama, atsikana 12 pa 1,000 aliwonse anapezeka ndi HIV. Mwa amene sankalandira, anapezeka 30 pa 1,000 aliwonse. Olandira ndalama aja sankakhala kwambiri pa chibwenzi ndi amuna akuluakulu. Zimenezi zinasindikizidwa m'chaka cha 2012 m'magazini ya zaumoyo yotchedwa The Lancet.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri. Akatswiriwo atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya kubwera, anapeza kuti kwa atsikana amene ankangolandira ndalama popanda lamulo lililonse, phindu lija linali litazimiririka. Phunziro lake ndi lomveka. Mtsikana akakhala ndi ndalama yakeyake m'manja, amatha kunena kuti ayi. Koma ndalama yopatsidwa imatha. Imene imakhalitsa ndi yochokera ku luso ndi ntchito ya manja ake.

Tichenjerenso ndi anthu olonjeza ntchito kunja kwa dziko. M'chaka cha 2024, wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi ndi atsikana a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito zapakhomo ngati akapolo, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Oposa 50 anachita kuthandizidwa kuti abwerere kumudzi. Sitikunena kuti ntchito zonse za kunja n'zoipa. Koma wina akakufulumizitsani, akakuuzani kuti musauze makolo, kapena akakana kukuonetsani mgwirizano wolembedwa, imani kaye. Kafunseni ku leba ofesi ya m'boma lanu. Paja safunsa anadya phula.

Malamulo amene amatiteteza

Mabwana ena amapezerapo mwayi chifukwa achinyamata ambiri sitidziwa malamulo a dziko lathu. Nawa ochepa ofunika kuwasunga pamtima.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati nthawi yogwira ntchito isapitirire maola 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera ayenera kulipidwa mwapadera. Limaletsanso kugwiritsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wake pachiswe. Boma limakhazikitsanso malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito saloledwa kutsikirapo. Poti chiwerengerochi chimasinthidwa nthawi ndi nthawi, kafunseni ku leba ofesi musanavomere ntchito.

Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende. Choncho bwana wofuna thupi lanu kuti akulembeni ntchito akupalamula mlandu. Wolakwa ndi iye, osati inu.

Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la chaka cha 2015 limapereka chilango cha zaka 14 m'ndende kwa wozembetsa munthu, ndipo zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana.

Lamulo la HIV ndi Edzi, lomwe aphungu anavomereza m'chaka cha 2017, limaletsa wolemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti amulembe ntchito. Limaletsanso kuchotsa munthu ntchito chifukwa chongoti ali ndi kachilombo.

Kwa anzathu amene ali ndi kachilombo

M'makalabu athu muli anzathu amene anabadwa ndi HIV ndi ena amene anaitenga atakula. Ena mwa iwo amadzifunsa ngati n'kwanzeru kutha zaka ziwiri kapena zitatu akuphunzira ntchito. Yankho lathu ndi lakuti inde. Kuyambira m'chaka cha 2004 pomwe boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, anthu ambirimbiri aphunzira, agwira ntchito, amanga nyumba ndi kulera ana awo. Munthu womwa mankhwala mwandondomeko amakhala ndi mphamvu ngati wina aliyense. Posankha ntchito, ganizirani chabe ngati idzakupatsani mpata wokatenga mankhwala ndi kudya mokwanira. Ngati mukusamukira kutali, pitani kaye ku chipatala chanu kuti akupatseni kalata yokalandirira mankhwala komwe mukupitako.

Tiyambire pomwe tili

Mwina wina akuti, "Zonsezi tamva, koma ine ndilibe mpamba, ndilibe satifiketi, ndilibenso m'bale wa mu ofesi." Tikumvetsa. Sitikulonjeza kuti njira ndi yophweka, koma pali masitepe amene ambiri a ife tingathe kuponda.

Dzifunseni zimene anthu amakupemphani kale. Kodi ndi inu amene anzanu amakubweretserani foni ikavuta? Kodi ndi inu amene mumaluka tsitsi azing'ono anu, kapena amene mbuzi za pakhomo zimanenepa mukamazisamala? Kawirikawiri mbewu ya ntchito yathu imakhala m'zinthu zimene timachita kale osaziwerengera.

Kenako yang'anani chimene dera lanu likusowa. Luso limasanduka ndalama pokhapokha wina akalifuna. Ngati pa msika wanu pali kale anthu 20 ogulitsa tomato, wa 21 adzavutika. Koma mwina m'mudzi monse mulibe wodziwa kulumikiza sola, kukonza njinga zamoto za kabaza kapena kukonza mjigo ukawonongeka.

Phunzirani luso. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Pali sukulu zaluso za Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira m'chaka cha 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera. Kumeneku kumaphunzitsidwa zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, zamipope, utelala ndi zina. Atsikana, ntchito zimenezi si za anyamata okha. Waya wa magetsi sadziwa kuti wamugwira ndi mwamuna kapena mkazi. Ngati malo ku sukuluzi sanapezeke, pemphani mmisiri wodalirika wa kwanuko kuti muziphunzira pomuthandiza. Gwirizanani pamaso pa makolo kapena mboni za nthawi imene mudzakhale, zimene mudzaphunzire ndi zimene muzilandira.

Luso lili ndi ubwino wina umene ndalama ilibe. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anadzuka zitachepa mtengo. Koma telala anadzuka akudziwabe kusoka, ndipo mmisiri akudziwabe kumanga. Ndalama imagwa, imabedwa, imatha. Luso limayenda ndi mwini wake kulikonse.

Musanyoze ganyu kapena ntchito yaing'ono, koma muipatse cholinga. Pali kusiyana pakati pa wopalasa kabaza amene amadya zonse tsiku lomwelo ndi mnzake amene amapatula kangachepe tsiku lililonse kuti chaka chamawa agule njinga yakeyake. Onse awiri amatuluka thukuta lofanana, koma wachiwiriyu amadziwa komwe akupita, ndipo kudziwa komweko kumapeputsa ntchito. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Sungani ndalama pamodzi ndi anzanu. Njira ya banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, lero ili m'midzi ndi m'matauni ambiri a kuno kwathu. Mamembala amaponya masheya sabata iliyonse, amabwerekana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndipo amagawana pakutha pa chaka. Kalabu ya achinyamata ingathe kuchita chimodzimodzi. Koma tichenjezane: bwerekani kuti mugule katundu wa geni kapena zida, osati foni yodula kapena zovala za Khirisimasi. Ndipo mukayamba geni, musasakanize mpamba ndi ndalama ya ndiwo. Mabizinesi ambiri aang'ono amafa chifukwa mwini wake anadya mbewu.

Pomaliza, musaiwale anthu. Ntchito imene imakulandani nthawi yonse yocheza ndi abale, yopemphera, yosewera mpira kapena yopuma, imakulipirani ndi dzanja limodzi n'kukulandani ndi linalo. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Harvard, amene anayamba m'chaka cha 1938 ndipo watsatira anthu kuyambira ku unyamata mpaka ku ukalamba, anapeza kuti chimene chinkasiyanitsa kwambiri okalamba okondwa ndi athanzi ndi ubale wabwino ndi anthu ena. Makolo athu anazidziwa kale zimenezi pamene ankati mutu umodzi susenza denga.

Mafunso asanu musanavomere ntchito

Mwayi wa ntchito kapena geni ukabwera, khalani pansi ndi kudzifunsa mafunso awa.

1. Kodi ndalama zake zikwanira chakudya, pogona ndi mayendedwe, n'kutsalako kosunga?

2. Kodi ikuika pachiswe thupi langa, ufulu wanga kapena ulemu wanga?

3. Kodi pakatha chaka ndidzakhala nditadziwa chiyani chimene lero sindikudziwa?

4. Kodi ikuthandiza ndani, ndipo ndingathe kuwauza amayi anga mosachita manyazi mmene ndalamazi ndimazipezera?

5. Kodi ndikafuna kusiya, ndingathe kusiya?

Ntchito yoyamba siikhoza mafunso onse asanu, ndipo zimenezo zisatifooketse. Ntchito ya malipiro ochepa koma yophunzitsa luso ingakhale yoyenera kuipirira kwa kanthawi. Ntchito yotopetsa koma yodyetsa banja ingakhale mlatho wopitira kwina. Koma ikalephera funso lachiwiri kapena lachisanu, ikaneni ngakhale malipiro ake atakoma bwanji.

Zokambirana ku kalabu

Pa msonkhano wanu wotsatira, yesani kuchita izi. Aliyense atchule luso limodzi limene amaliona mwa mnzake wakhala naye pafupi. Kenako lembani pamodzi ntchito zisanu zimene anthu a m'dera lanu amapitira kutali chifukwa pafupi palibe wozidziwa. Itanani mmisiri, mlimi kapena mayi wa geni amene mumamulemekeza kuti adzakufotokozereni mmene anayambira, zimene zinamuvuta ndi chimene chimamusangalatsa pa ntchito yake. Chitaninso sewero la mtsikana kapena mnyamata amene bwana akumufuna chibwenzi kuti amulembe ntchito, ndipo kambiranani mawu amene angayankhe ndi komwe angakanene.

Achinyamata anzathu, tifune ndalama, pakuti njala siisekedwa. Koma tifune ndalama zimene zimatisiya ndi moyo, ulemu ndi luso lokulirapo. Ngati lero mulibe ntchito, sindinu wolephera, ndipo simuli nokha. Sankhani chinthu chimodzi choti muphunzire, pezani wokuphunzitsani, ndipo muyambe sabata ino.